Kalaliki wa Feteleza Amene Anamanidwa Kuponi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine bambo a Tiyamike a kuno ku Kaluluma, ndipo ndikuuzani za njala imene inandibalalitsira banja.

Zaka za makuponi zija ndinali kalaliki pa depoti ya kampani ina yogulitsa feteleza. Ndinkalandira malole n'kumawerenga matumba olowa ndi otuluka mpaka dzuwa kulowa, koma malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Dalaivala wina anandiuza kuti anzathu a ku Lilongwe, ogwira ntchito yomweyi, amalandira zambiri kutiposa. Nditawafunsa abwana, anangoti, "Inu akumudzi mumadya zakumunda, simulipira lendi."

Komatu kumundako kunalibe kanthu. Polemba maina a olandira makuponi anandidumpha, ati ndine wapantchito, pamene feteleza wogula pamtengo wake weniweni sindikanamukwanitsa. Ndinkaweruka zovala zikununkha feteleza, n'kudutsa m'munda mwanga momwe chimanga chinali chachikasu, chosafika ndi m'chiuno momwe. Tinakolola zosadzaza ngolo. Depoti inatsekedwa, ndipo chaka chotsatira kampaniyo sinabwerenso.

Mvula isanagwe n'komwe, chakudya chinatithera. Mkazi wanga anatenga ana n'kupita kwa makolo ake ku Wimbe. Sitinayambane ayi, ankangofuna kuti anawo azidyako. Tiyamike anasiya sukulu. Ine ndinatsala ndekha m'nyumba ya zii, ndipo kuimba kwaya ku tchalitchi ndinaleka chifukwa mawu sankatuluka. Pemphero langa linafupika mpaka linangotsala loti, "Ambuye, ndibwezereni ana anga."

Tsiku lina ndinakapempha ganyu yonyamula katundu pa sitolo ya a Jafali, bambo wachisilamu amene amagulanso soya ndi mtedza. Anandiyang'anitsitsa, kenaka anati, "Achimwene, si inu munali pa depoti paja? Mayi anga atakomoka pamzere wogula feteleza, ndinu munawalowetsa pamthunzi n'kuwapatsa madzi."

Ine ndinali nditaiwala kalekale. Iwo anati akufuna munthu woyang'anira nyumba yawo yosungiramo mbewu, ndiyambe mawa lake. Anandipatsanso thumba la chimanga, n'kundibwereka njinga kuti ndikalisiye ku Wimbe.

Nditafika, mwana wathu wamng'ono anandithawa, anali atandiiwala. Miyendo yake inali itawonda moti ndinakhala pansi n'kulira pamaso pa apongozi. Mkazi wanga ndi ana anabwerera kunyumba patapita milungu ingapo, ngakhale wamng'onoyo mpaka lero thupi lake ndi lofooka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene sitipemphera naye limodzi. Inu amene mukugwira ntchito koma kunyumba akugona ndi njala, ndikudziwa manyazi ake, poti anthu sakhulupirira kuti mukuvutika. Musaleke kupemphera, ngakhale mawu atakutsalirani ochepa. Iye amamva ndithu. Ameni.