Mpata Umene Agogo Anasiya pa Mapu

Amalume akuti mapu alowe m'bokosi, apite ndi mwini wake. Azakhali akuti mapepala si zovala. Akhala akukangana pakhonde chiyambire m'mawa. Pepani anamalira, ine andipatsa mbiri kuti ndiwerenge, ndiye ndiwerenga.

Malemu agogo athu aamuna anabadwa pa 9 Juni 1941. Sukulu anailekeza panjira, chifukwa m'malo mwa masamu ankajambula mapiri kumapeto kwa kope. Mu 1961 analembedwa ntchito ku ofesi yoyeza malo, poyamba yonyamula tcheni ndi makina oyezera, kenako yojambula mapu.

Mu 1964 anakwatira agogo aakazi ali apawa. Iwo amati analowa mitala, mkazi wamkulu ali mapu.

Chaka chotsatira anatumizidwa kudziko louma, kumtunda kosalala ngati tebulo, kumene nthaka imangotha mwadzidzidzi n'kugwera m'chigwa chakuya cha miyala yofiira. Madzi akumwa ankabwera pa abulu. Kumeneko ankajambula mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, yothinana pamaphompho ngati tsitsi lopesa. Lamulo lawo linali limodzi: pamene phazi silinaponde, cholembera chisadutsepo. Atatsala pang'ono kutsikira pansi pa chigwacho, uthenga unafika kuti mwana wabadwa, amalumewa. Anabwerera, ndipo sanatumizidwenso. Papepala lomaliza panatsala mpata wopanda kanthu, kukula ngati chikhatho changa.

Anapuma pantchito mu 1996. Mapuwo ankawayala pabedi, ngodya atatsindira ndi nsapato, n'kumandiuza kuti pansi pa chigwa chija mwina pali kasupe, mwina mchenga wokhawokha. Amalume akalowa, agogo ankawapinda msanga.

Anayamba kudwala chifuwa mu Janyuwale, ndipo atisiya Lachiwiri kuchipatala, chala chikuyendabe pabulangete.

Asiya mkazi, ana atatu ndi ife adzukulu. Tikuthokoza anamwino, oyandikana nawo nyumba, ndi nonse amene mwabwera kudzatigwira pamkono. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Zolembedwa zathera apa, koma ine sindinathe. Amalume, agogo sanakuimbenipo mlandu ndi tsiku limodzi lomwe. Ankati anasinthanitsa chigwa ndi mwana, ndipo anapindula. Koma ine sukulu ndamaliza, ndatopa kugona chagada n'kumayang'ana kudenga. Bokosi lisanatsekedwe, ndipatseni pepala lomalizalo. Ndikufuna ndikatsikeko.