Kukoleza Moto m'Basi ya ku Thamesmead

M'dzinja la chaka cha 2006, ukwati wa mwana wawo ku Barking utayandikira, a Marjorie, amene mkodzo unkawapulumuka akatsokomola kapena kudumpha ndipo ankaopa kudzanyowetsa chitenje povina, anakwera ku fulati ya alamu awo a Joyce, namwino wodzimva wa ku Thamesmead, nkhope ili gwaa.

"Alamu, mwandiyalutsa pamaso pa azungu."

"Mwadziyalutsa nokha. Ndinati chiyani ine?"

"Munati minofu ya m'munsi, yogwira chikhodzodzo, ndiziyikokera m'mwamba potulutsa mpweya, ndiziyimasula popumira m'kati."

"Eya. Ngakhale mwana wa Sande sukulu akhoza kumva zimenezo."

"Munatinso ndizichita paliponse, ngakhale m'basi, palibe angadziwe."

"Palibedi."

"Basi yonse inadziwa."

A Joyce anaika kapu pansi. "Munkapuma motani?"

"Monga munanenera: ngati ndikukoleza moto." A Marjorie anagwada pa kapeti, napendeketsa mutu, nauzira kunsi kwa tebulo: fuuu, fuuu.

"Munagwada m'basi?"

"Nanga moto amakoleza ali chiimire? Kapena kuchipatala kwanuko mumatero?"

"Aa, mutu uwu ndi chitsa ndithu."

"Dalaivala anaimika basi. Gogo wina anandifunditsa jasi, wina n'kuimbira ambulansi, ati mayiyu akubereka."

"Pa msinkhu wanuwo?"

"Ndinawauza kuti ayi, I'm doing my exercise, wandituma ndi nesi. Anafunsa dzina la nesiyo."

"Simunatchule."

"Kunama ndi tchimo, alamu. Ndinatchula ndi wodi yanu yomwe."

"Ambuye, ndikhululukireni lilime. Mveranitu, mayi: pa ukwatipo mudzavina mutavala thewera, ife tikuwomba m'manja."

"Komatu dontho silinatuluke. Pogwada, podzuka, ngakhale potsika basi anthu atandigwira mikono."

"Atakugwirani mikono," anabwereza a Joyce, ndipo phwete linawapulumuka. Anaseka mpaka misozi, akuloza alamu awo ndi chala, akumenya sofa. Mwadzidzidzi anatonthola. Anapingasitsa miyendo, nakokera khushoni pa chilolo mwaulemu waukulu.

A Marjorie anayang'ana sofa yonyowa, nayang'ana namwino, nasendera kumbali pa kapeti paja.

"Malo alipo, alamu. Gwadani apa, tikoleze."

Pa ukwatiwo a Marjorie anavina mpaka oimba kutopa, chitenje chili chouma. A Joyce anapempha mpando wa pafupi ndi khomo la kuchimbudzi.