Nyale za a Kopolo ndi Chulu cha Amayi

Chaka chija asilikali ankabwerako ku nkhondo ya azungu, mvula itangoyamba, ine ndinali m'dzenje lolekeza m'mawondo, ndikukumba m'tsinde mwa chulu cha amayi anga kwathu kuseri kwa Nsaru. Dothi la pachulu simulidziwa, atsikana inu. Limabweza khasu ngati mwala, ndipo pofika masana manja amakhala ali matuza okhaokha. Dzenjelo linali la ngumbi. Masiku ano mumangozigula pamsika zokazinga kale ndi mchere womwe, koma kale chulu chilichonse chinali ndi mwini wake, chinkachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi ngati munda, ndipo wogwira ngumbi pachulu cha eni anali wakuba basi. Tsiku louluka, kukangoyamba mdima, tinkayatsa muuni wa udzu pakamwa pa dzenje, ngumbi n'kumatsata motowo n'kumagweramo. Tikaziyanika, imeneyo ndiyo inali ndiwo yathu miyezi ya njala.

Ndili mkati mokumba, ndinaona anyamata atasenza milongoti iwiri kulowera ku bwalo la mpira, limene linachita malire ndi chulu chathu ndi zulu zina zitatu za amayi anzathu. Patsogolo pawo panali alamu anga a Lazaro, amuna a achemwali anga, amene mudzi wonse unkawaitana kuti a Kopolo chibwerere kunkhondo.

Ndinafuula ndili m'dzenje momwemo kuti, "Alamu, kodi chigafa cha fodya mukuchimanga pabwalo la mpira?"

Iwo anati, "Chigafa cha chiyani, mkazi wanga wamng'ono? Tikukapachika dzuwa. Anyamatawa amaswera kumunda, akamaweruka kunja kwada, nanga a ku Nambuma tidzawachinya bwanji pa Khirisimasi?"

Dzuwa lawolo zinali nyale ziwiri za palafini zimene anabwera nazo, zochita kupopa ngati tayala la njinga. Musaganize za magetsi mukuti akufuna kuika pabwalo la pamsika aja, ayi, koma kwa ife amene tinkangodziwa muuni ndi koloboyi, nyale imodzi yokha inkaonetsa ndi nyerere zomwe.

Amayi atamva, anakhala pansi n'kugwira kumutu. Anati, "Ngumbi ilibe nzeru, mwana wanga, imapita kumene kwawala kwambiri. Kamuuni kathuka kadzalimbana ndi chinthu chimenecho?" Koma kale mpongozi sankalankhula ndi mkamwini maso ndi maso, akakumana panjira wina ankapatukira kutchire, choncho anatuma ine. Anandipatsa mawu ataliatali aulemu, oti ndikawapemphe a Kopolo kuti adikire mvula ithe. Ine za mawu ozungulira sindizitha, mumandidziwa, ngakhale kuno kusukulu ya kwacha aphunzitsi akamachedwa pa chilembo chimodzi ndimawauza kuti tiyeni patsogolo.

Ndinawapeza ali pamwamba pa mlongoti, n'kunena kuti, "Alamu, tsitsani zimenezo. Mutibera ngumbi."

Anyamata onse anaseka mpaka kugwa. Mmodzi anati, "Kodi ngumbi za kwanu zimakonda mpira, eti?" A Kopolo anati iwo aona mizinda yowala usiku wonse kutsidya kwa nyanja, ndipo sanamvepo kuti munthu wafa chifukwa chosowa ngumbi. Eni zulu zina zija anapitanso, ena mogwada, ena molalata, koma amuna anati nkhani ya ndiwo ndi ya kukhitchini, isafike kubwalo.

Patapita masiku, mvula inagwa yamphamvu masana, dzuwa n'kuwalanso chakumadzulo, ndipo agang'a, chiswe cha mitu ikuluikulu chija, anayamba kutsegula timabowo pachulu chathu. Tinadziwa kuti lero n'lero. Kutangoyamba mdima tinayatsa muuni, ndipo nthawi yomweyo nyale zija zinayaka kubwalo. Ngumbi zinatuluka, inu, ngati utsi, koma m'dzenje mwathu simunagwe ngakhale zodzaza dzanja. Zonse zinadutsa pamutu pathu kulunjika kumilongoti. Ndinathamangira komweko ndi lichero, koma ndikanatola chiyani? Anyamata anali akuziponda m'matope, ena akulavula, ena akutikita m'maso, achule ali pikitipikiti m'mphepete mwa bwalo. Mpira womwewo unatha wosaoneka. Nditabwerera ndinapeza amayi akadali chigwirire muuni wozima, ndipo anangoti, "Chatha chaka chino." Chulu sichiulutsa tsiku ndi tsiku, atsikana inu.

Zulu zitatu zija zinali zisanaulutse, ndipo eni ake anachita mantha kuti nazonso zithera m'matope. M'mawa mwake achemwali anga, munthu wofatsa amene sindinamumvepo akukweza mawu, anatulutsa mphasa ndi bokosi la a Kopolo n'kuziika pakhonde. Mkamwini akaona choncho sachita kufunsa. Anathamanga kukatenga ankhoswe awo, ife n'kuitana amalume, n'kukhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba.

Amalume anafunsa funso limodzi lokha. "A Kopolo, munthu akatenga chimanga n'kumaitana nkhuku za eni mpaka zitalowa m'khola mwake, waba kapena sanabe?"

A Kopolo anati, "Waba, bambo."

Mlandu unatha motere: nyale zitsike pamilongoti mpaka mvula itatha, ndipo tsiku lililonse louluka ngumbi, mwini nyale aziinyamula yekha kukaimika pakamwa pa dzenje la mwini chulu, palafini wake yemwe. Eni zulu zitatu zija anagwirizana kuti pa zogwidwazo azitapako gawo la amayi anga.

Mukanawaona! Msilikali wamkulu ataima pachulu ngati chitsa, nyale ili m'mwamba, nkhope atalozetsa kumbali chifukwa apongozi awo ali pomwepo ndi tsache, ngumbi zikuwalowa m'malaya, ine ndikuti, "Kwezani, alamu, mwagona kodi?" Koma ngumbi zimene tinagwira chaka chimenecho sindinazionenso. Tinadzaza mitsuko ndi madengu, tinadya mpaka chimanga chitacha, ndipo mtima wa amayi unakhala pansi. Bokosi lija linabwerera m'nyumba. Mpira wa pa Khirisimasi anasewera masana ngati anthu ena onse, koma za amene anachinya musandifunse, ine ndinali kumunda.

Tsono inu mukamakangana za magetsi anuwo, sindikuti kuwala n'koipa, ayi. Koma musanaimike mlongoti, yendani kaye m'mphepete mwa bwalo, mufunse okhala pamenepo kuti mdimawo amaugwiritsa ntchito yanji.

A Kopolo sanafunse, ndipo palafini anawathera chulu chomaliza chisanaulutse. Mwini chuluyo anati mlandu ndi mlandu. Anapita kusitolo ya pamsika atavala jombo zawo za kunkhondo, zimene ankazipukuta Lamulungu lililonse popita ku Misa, ndipo anabwerako atasenza chitini cha palafini, akuyenda pansi ngati ife tonse. Mpaka imfa yawo sanavalenso nsapato.