Chitseko Chimene Anawatsekera Amayi a Mabuku

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1954, mwana wachiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Ndipepeseretu kwa inu nonse anamfedwa: malemuwa sankapsatira mawu, ndipo nane lero sindipsatira.

Sukulu anayamba mu 1961, namaliza sekondale mu 1973. Kenaka analembedwa ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina. Mu 1977 anakwatiwa ndi alamu athu okonza mawotchi aja, amene anatisiya mu 2009.

Mu 1984 anasiya ntchito natsegula sitolo ya mabuku m'chipinda cha kutsogolo kwa nyumba yawo. Abale tinawaseka, tikumati mabuku sadyedwa. Sitoloyo ndi imene inaphunzitsa ana awo onse, ndipo mpamene anatengera dzina loti Amayi a Mabuku.

Kuyambira mu 1990, Loweruka lililonse masana ankakankhira mashelefu kukhoma, kuyala mabenchi ndi kuwiritsa tiyi. Alembi ankabwera kudzakamba za mabuku awo, gulu la owerenga linkakangana mpaka kutuluka thukuta, ndipo ngakhale msonkhano wa anthu a mumsewu wathu wodandaula za ngalande unkachitikira momwemo. Alembi ena amene mwakhala kutsogoloku munayambira pamenepo, malemu akukuomberani m'manja okha. Ena munkatsata tiyi, iwo ankadziwa, koma sanathamangitsepo munthu. Wapampando wa gulu la owerengalo malemu anamupatsa dzina loti a Mawu Oyamba, poti buku lililonse amalekezera pamenepo koma polankhula satopa.

Mu 2022 matenda a shuga anawalanda maso. Mu Januwale 2024 chifuwa chinawagoneka m'chipinda choyandikana ndi sitolo. Ana anafuna kuti misonkhano iyambe yaima, koma iwo anakana kwamtuwagalu. Anapereka kiyi kwa a Mawu Oyamba ndi pempho limodzi lokha: chitseko cha pakati pa sitolo ndi chipinda chawo chizikhala chotsegula, kuti poti kuwerenga kwakanika, azimvako ndi makutu. Mwana wawo wamkazi atadzipereka kuti aziwafotokozera madzulo, anamuyankha kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Sabata yonse ankangodikira Loweruka. Tsikulo ankasamba m'mawa, kuvala bwino ngati akupita kuukwati, n'kutsamira pilo.

Mwana wawoyo amagwira ntchito Loweruka. Ankachoka mtima uli m'malo, poti amayi ake akuwasiya ndi khamu la anthu ophunzira.

Apa mpamene mbiriyi ikundinyansa kuiwerenga. Gululi linayamba kujambula misonkhano pa foni n'kumaika pa intaneti, ndipo akuti kutsokomola kwa eni sitolo kunkaononga makanemawo. Anayamba ndi kutseka chitseko pang'ono. Kenaka anatsekeratu. Poona kuti chifuwa chikumvekabe, ankakankhirapo shelefu ya madikishonale, n'kuibweza mwana asanafike. Malemu sanatiuze, kuopa kuti tiletsa misonkhano yawo.

Loweruka pa 15 Juni 2024 kunabwera wolemba ndakatulo wina, ndipo anthu anadzaza mpaka pakhonde. Kanema wa tsikulo alipo, anamuika okha, aliyense akhoza kumuonera. Kuseri kwa mawu a ndakatulo kukumveka kapu ikugogoda thabwa. Anthu a pabenchi lakumbuyo akucheuka, n'kuyang'ananso kutsogolo. Wandakatuloyo akukweza mawu, ndipo ndakatulo yake inali yonena za chikondi cha mayi. Tsikulo anatalikitsa zojambulana, moti mwana anafika shelefu isanachotsedwe. Ataikankha anapeza mayi ake ali pansi pa simenti, atakwawa kuchoka pabedi, mutu atautsamiritsa kuchitseko. Tinathamangira nawo kuchipatala, koma anatisiya m'mawa wa pa 16 Juni, ali ndi zaka 69.

Sindikunena kuti munawapha. Matenda analipo, ndipo tsiku la munthu silizembeka. Ndikunena kuti munamva kugogoda, m'nyumba ya eni, tiyi wa eni ali m'manja.

Dzulo a Mawu Oyamba, nkhope ili gwa, anabwera kudzapempha kuti kumanda awerengeko ndakatulo, komanso kuti kiyi asunge poti akukonza mwambo wokumbukira malemu, wojambulidwa bwino. Banja layankha motere: kiyiyo aisiye m'manja mwanga tisananyamuke pano. Sitolo ipitirira, aziyendetsa ndi ana. Ndakatulozo sungani, poti amene ankafuna kuzimva ndi awa agona apawa.

Malemu asiya ana atatu, wamkazi mmodzi ndi amuna awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi alongo awo awiri. Banja likuthokoza anamwino amene anawalandira, atelala oyandikana nawo amene ankawawerengera nyuzipepala m'mawa uliwonse, oyendetsa takisi amene anatinyamula osafunsa zambiri, ndi inu nonse amene mwagona nafe pano. A gulu la owerenga musayese kuti ndakuiwalani, ndakudumphani dala.

Alongo anga, ifenso mutikhululukire pokusiyani ndi anthu amenewa. Mzimu wanu uuse mumtendere.