Umboni wa Raphael Chimphonda pa Chidebe cha Mbuna

Ine, Raphael Chimphonda, wa zaka 51, wa m'mudzi mwa Kanyerere, Mfumu Yaikulu Kalolo, m'boma la Lilongwe, mphunzitsi wa kupulaimale, ndikupereka umboni uwu pa polisi ya Namitete lero Lachitatu, pa 21 Ogasiti 2024.

A Chrispin Kachiwanda, omwe ali m'chitokosi pano kuyambira Lolemba, ndinadziwana nawo mu 1995 ku koleji ya aphunzitsi. A Stanley Mphonde tinkagona nawo chipinda chimodzi komweko, ndipo pambuyo pake anakwatira mlongo wanga Selina. Tili ku kolejiko tinapangana kuti tsiku lina tonse atatu tidzakaone paki ya ku Cape Maclear, imene tinkangoiloza pa mapu. Panapita zaka 29 tisanapiteko.

Lachisanu pa 16 Ogasiti, sukulu zili pa tchuthi, tinanyamuka pa Namitete 5 koloko m'mawa pa galimoto yoyera ya a Chrispin. Ankayendetsa ndi iwowo. Tinafika ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, 1 koloko masana, n'kupeza chipinda chimodzi cha mabedi atatu.

Loweruka 9 koloko tinakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Tisanakwere, mayi wina wolondera paki anatiuza kuti tinsomba tamitundumitundu ta m'miyala, totchedwa mbuna, n'toletsedwa kugwira kapena kutulutsa m'pakimo. Tonse atatu tinamva. Kuchilumbako a Chrispin anamiza dzanja m'madzi atafumbata buledi, tinsombato n'kumawajompha zala. Anaseka mpaka magalasi awo anagwera m'madzi, ndipo anakawavuula ndi mwini boti. A Stanley anafunsa mwini botiyo kuti mbuna zingathe maola angati zili kunja kwa nyanja. Ife tinawaseka kuti mafunso a sayansi awasungire ana a Sitandade 8.

Lamulungu ine ndi a Chrispin tinapita kukapemphera. A Stanley, omwe ndi mkulu wa mpingo kwathu kuno, anatsala ati mutu ukuwapweteka. Pobwerera 12 koloko tinawapeza pansi pa mlambe akulankhula ndi amuna awiri osawadziwa. Atationa, amunawo anachoka.

Lolemba 7 koloko m'mawa a Chrispin anapita kukabweza kiyi wa chipinda. A Stanley anandiitanira kuseri kwa bafa, kumene kunali chidebe chabuluu cha malita 20, chovindikira ndi chomanga ndi mphira. Anati, "Alamu, tagwirani uku. Ndi madzi a m'nyanja awa, amayi akufuna azisambitsa miyendo." Mayi awo miyendo inawatupa kalekale, ndipo kwathu akuluakulu amaitanitsadi madzi a kunyanja wina akapitako. Tinanyamula chidebecho awiri, mtunda wa mamita ngati 30, n'kuchiika kumbuyo kwa galimoto.

A Chrispin atabwera anafunsa za chidebecho, a Stanley n'kuwauza zomwezo. A Chrispin sanachigwire ndipo sanachitsegule. Pokwera mapiri a Golomoti ankayendetsa pang'onopang'ono, ati madzi a agogo angatayike. Tili m'njira foni ya a Stanley inalira kanayi. Kawiri ndinawamva akutchula Mchinji.

Cha m'ma 2 koloko masana apolisi anatiimitsa pa rodibuloko kufupi ndi Msundwe. Wapolisi mmodzi anamasula mphira ija. M'chidebemo munali mapepala apulasitiki asanu ofufuma, muli madzi ndi mbuna. Zina zinali zitafa kale, zikuyandama chagada. Atafunsa kuti mwini katunduyo ndani, a Stanley anati, "Ife tangokwera nawo, bwana. Za kumbuyoko afunseni eni galimoto." A Chrispin anatembenukira kwa ine n'kuti, "Rafa, auzeni." Ine ndinauza wapolisiyo kuti pamene ankapakira katundu ndinali ndikusamba, sindinaone kanthu. Limenelo linali bodza.

Apolisi anatenga a Chrispin pamodzi ndi galimoto. Ine ndi a Stanley tinakwera minibasi, mpando umodzi. Tinakatsikira pa Namitete. Potsika anandigwira phewa n'kundiuza kuti ndachita zaubale.

Lachiwiri 10 koloko m'mawa Selina anabwera kwathu, n'kugwada pakhonde. Anandiuza kuti amuna ake amuululira zonse. Anandikumbutsa kuti ali ndi ana anayi, kuti a Stanley akamangidwa ntchito ithera pomwepo ndipo ku mpingo awadula. Anati a Chrispin ali ndi abale m'tauni, atuluka okha. Ndinamuuza kuti ndamva. Tsiku limenelo sindinatuluke pakhomo.

Lero 7 koloko m'mawa kunabwera a Zione, akazi a a Chrispin, akuchokera kuno ku polisi kumene anadzasiyira amuna awo phala ndi mankhwala a shuga. Ndinawapatsa mpando, anakana. Anatulutsa m'chikwama nsapato zanga zakuda zimene ndinaziiwala m'galimoto, n'kuziika pansi. Anati, "Akuti ndikupatseni izi, achimwene, mungasowe chovala potsegulira sukulu." Ndinafunsa ngati a Chrispin anena china. Anati ayi, n'kutembenuka.

Ndinanyamuka 8 koloko wapansi kubwera kuno, mtunda wa makilomita atatu. Njira yake imadutsa pakhomo pa a Stanley. Selina anali akusesa pabwalo. Anandifunsa kumene ndikupita, ndinamuuza. Anati ndikakafikako ndisadzapondenso pakhomo pake, ngakhale pa maliro. Anasiya tsache pomwepo, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Wapolisi amene akulemba umboniwu wandichenjeza kuti, poti ndinanyamula nawo chidebecho komanso ndinanama pa rodibuloko, inenso ndikhoza kuyankha mlandu. Ndamva, ndipo ndawauza kuti alembe zonse, asasiye kanthu. Ndapempha kuonana ndi a Chrispin. Apita kukawafunsa, abwera ndi yankho loti sakufuna.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Siginecha: R. Chimphonda