Ndinakhala pansi kuti magazi asiye kuthamanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mphunzitsi wamkulu pasukulu ina kuno ku Dambe. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a BP, komanso za uchitsiru wanga umene ndikaukumbukira umandinyansa mpaka lero.

Atandiyeza kuchipatala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri. Anandipatsa mankhwala n'kulongosola zambiri, koma ine ndinangotola mawu amodzi, kuthamanga. Ndinaganiza kuti ndikamayendayenda magaziwo athamangiratu, basi ndinakhala pansi. Kusukulu ndinkapita pa njinga yamoto, mtunda woti ukakuwa munthu amamva. M'kalasi ndinkaphunzitsa ndili pampando. Kumunda wa mbatata ndinasiyira mkazi wanga.

Anzanga ankandiyamikira kuti eti a Hedi thupi labwera. Thupi lanji? Miyendo inatupa, nsapato zinakana kulowa, thukuta lonunkha linkangotuluka ndili chikhalire. Ndinkanyansidwa ndi thupi langa lomwe. Tsiku lina ndikulemba pabolodi, dzanja linachita dzanzi, choko n'kugwa. Bambo anga anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo zaka zawo zomaliza tinkachita kuwatembenuza pamphasa. Ndinaona kuti nanenso ndikulowera komweko. Ndinalirira Mulungu kuti asalole mkazi wanga kusenza mtolo umenewo.

Yankho linandipeza pamzere wa kuchipatala. Ndinakhala moyandikana ndi a Nachisale, mayi wachikulire wa mumpingo mwathu, nawonso a BP. Anali atabwera wapansi kuchokera kuseri kwa phiri. Ine ndi nzeru zanga zowola ndinayamba kuwalangiza kuti asiye kuyenda, angadzagwe panjira. Anangoseka, n'kundionetsa buku lawo la kuchipatala. BP yawo inali yotsika bwinobwino, yanga ili kumwamba.

Namwino anatimva. Anati, "Aphunzitsi, ndani anakunamizani? Mitsempha yanu yauma ngati paipi yakale, ndiye mtima ukuchita kukankha magazi mwamphamvu. Kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku n'kumene kumaifewetsa."

Ndinachita manyazi osaneneka. Palibe amene anandinamiza, ndinadzinamiza ndekha, munthu wophunzitsa ana a eni.

Ndinayamba pang'onopang'ono monga anandilangizira. Sabata yoyamba ndinkapuma wefuwefu pa kachitunda ka kutchalitchi, anthu n'kumafunsa ngati njinga yafa. Sindinasiye. Pano miyezi yapita, BP yatsika, miyendo yaphwa, dzanzi silinabwerenso. Mapiritsi ndikumwabe, sindinawataye ayi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichotsa pampando uja ndisanagwerepo. Inu amene mukudwala ngati ine, musafooke, ndipo pamene simunamvetse funsani, musachite manyazi ndi udindo wanu. Mukandiona m'mawa ndikukwera chitunda thukuta lili kamukamu, chonde musandiimitse ndi moni wautali. Ndimakhala ndili pa mankhwala.