Pemphero la a Nyirenda ndi Wotchi ya Mama Wairimu

Zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto, Kitengela yuno asanadzaze ndi nyumba zosanja, ine ndinali mwana wasukulu pakoleji ina ya zaubusa kuno ku Nairobi, imvi zitayamba kale. Musaseke, ana inu, masiku amenewo munthu ankapita kukoleji atabereka kale ana atatu.

Kolejiyo inali ndi timu ya gofu, chifukwa mmishonale wina pobwerera kwawo anasiya zikwama zinayi za ndodo, ndipo akuluakulu anati n'tchimo kuti zichite dzimbiri. Amalawi tinalimo awiri, ine ndi a Nyirenda a ku Kasungu, munthu wamtali wofatsa amene ankamenya kampira mowongoka kuposa tonsefe. Koma iwo sankamenya asanapemphere, ndipo silinali pemphero lapachakudya ayi, linali lathunthu, loyambira kwa odwala, kudzera kwa atsogoleri, mpaka mvula ya kumudzi.

Mpikisano wa makoleji utayandikira, mphunzitsi wamkulu anatiitana nati, "Mukakhalanso omaliza, ndodozi zipita kudimba, azikamangirira matimati."

Inu a masiku ano mumadziwa mpira wamiyendo wokha, ndiye mvetsani. Pa gofu amapambana ndi amene walowetsa kampira m'maenje atamenya kochepa, ndipo ukamachedwetsa anzako amakupatsa masekondi makumi anayi okha oti umenye, ukapyola amakuwonjezera kumenya kumodzi komwe sunamenye. Woyang'anira lamuloli tsiku limenelo anali Mama Wairimu, mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito, wotchi ili lende pakhosi.

Tikufika padzenje lachitatu, kumbuyo kwathu kunali kutadzaza matimu anayi, ena atagona pakapinga, wina akusenda lalanje. Mayi aja anabwera ndi liwiro.

"Mzee, haraka! Fulumirani, bambo! Kuyambira pano ndikuwerengerani nthawi."

A Nyirenda anavula chipewa. "Mayi, kodi nthawi yolankhula ndi Mulungu imawerengedwanso?"

Mama Wairimu anatulutsa buku la malamulo, nalitsegula uku ndi uku, nati, "Mulungu sanatchulidwe muno. Mwatsala ndi masekondi khumi."

Anawalanga pomwepo, anawalanganso padzenje lachinayi. Ndinawakokera pansi pa mtengo.

"Achimwene, fupikitsaniko pang'ono."

"A Mbewe, ndichotse ndani? Odwala?"

Apo m'pamene inandibwerera nzeru imene ndimachita nayo manyazi mpaka lero. Ndinati ine ndizithamanga kutsogolo, ndizikapemphereratu pamalo pomwe kampira kawo kakagwere, iwo akafika azingomenya. Anaganiza kaye, nati zimenezo sizikutsutsana ndi chiphunzitso. Tsono taganizirani, bambo wamimba ngati ine, chikwama cha ndodo kumsana, ndikuthamanga pakati pa bwalo, kugwada, kudzuka, kuthamanganso, anyani a m'mitengo ya pabwalopo akundiyang'ana.

Zinayenda bwino maenje awiri. Padzenje lachisanu ndi chiwiri ndinawapempherera kanayi, koma kampira kawo kanakagwera m'dzenje lamchenga, kumene ine sindinapondeko. Anaima mumchengamo, ndodo m'manja, akundikuwira.

"A Mbewe! Muno simunafikemo!"

Ndinathamangira kumeneko, ndipo ndili chigwadire mumchenga ndinamva wotchi kuti tswii. Ulendo uno wolangidwa ndinali ine, chifukwa kampira kanga ndinali nditakasiya kokha patali, nthawi yanga yomenya itakwana. Mnyamata wa koleji ina, yemwe tinkasewera naye limodzi, anaseka mpaka kukhala pansi.

A Nyirenda atamva kuti ndalangidwa chifukwa cha iwo, nkhope inagwa. Anaika ndodo m'chikwama nati akusiya, mayiwo aike dzina lawo pa olephera. Mama Wairimu anawafunsa kuti, "Kwanu pemphero limatha bwanji?"

"Mpingo ukavomera kuti Amen."

"Sawa, chabwino. Twende, tiyeni."

Padzenje lotsatira a Nyirenda anatseka maso nayamba, mayi aja maso pa wotchi, ndipo itakwana makumi atatu anakuwa ndi mawu a m'kalasi, "Amen!" A Nyirenda anatsegula maso modzidzimuka. Anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu kuti mpingo wavomera, ndipo anamenya kampira kanakagwa pafupi ndi mbendera ya padzenje, mkono umodzi wokha. Kuyambira pamenepo zinali choncho, ndipo pofika dzenje lomaliza matimu onse akumbuyo anali atalowa mumpingo, Akatolika, Asilamu, ngakhale uja wa lalanje, onse kudikira mayi akweze dzanja kuti avomere pamodzi. Anthu omwa tiyi pakhonde la nyumba ya kalabu ya gofuyo anaimirira, poganiza kuti pabwalo pali maliro.

Sitinapambane, ndisakunamizeni, koma sitinakhale omaliza, tinaposa koleji imodzi ndi kumenya kumodzi kokha. Anzathu awiri Achikenya anawanyamula a Nyirenda m'mwamba, koma iwo sanakondwe kwenikweni. Titakwera minibasi, imene kuno amati matatu, masanawo anandinong'oneza kuti, "Achimwene, ndasiya mapemphero ambiri ali pakati." Anatseka maso namalizitsa limodzi limodzi, ine osalimba mtima kuwadula, kondakitala naye kuchita manyazi, mpaka tinapitirira Spring Valley, pomwe tinkayenera kutsika, n'kukatsegula maso ku Lower Kabete, galimoto itazima, dalaivala akudya chimanga chootcha.

Lero inu zonse mumachita mothamanga, ngakhale moni mumapereka mukuyenda, ndiye sindikuuzani kuti muzifulumira. Ndingoti, pamene mukuchita chinthu chanu chabwino, muzicheukako muone amene akudikira kumbuyo. Ndipo mnzanu akatalikitsa, musamunyoze, musamuthamangirenso kutsogolo ngati ine, mawondo awa sanachire. Muimirire pambali pake, mumupatse nthawi yake yonse, ikakwana munene Amen mokweza, koma mwaulemu.